MALIRO AMENE SADALIRIDWE

Mau olankhulidwa m'bwalo la parishi pa masiku a chikondwerero cha zaka 100



Pa masiku ano a chikondwerero zambiri zanenedwa kale: za ansembe oyamba amene adafika m'dziko lino la Angonia atalema ndi ulendo wautali, za njerwa zimene makolo adaumba ndi kuotcha okha, ndiponso za unyinji wa ana ndi akulu amene adalandira ubatizo m'tchalitchi chino. Nkhani ya madzulo ano ndi ya mtundu wina. Ikunena za munthu amene sadali Mkatolika, amene sadagwadepo m'tchalitchi chino, ndipo amene akhristu ambiri a kuno sadaone nkhope yake, ngakhale pa chithunzi, pamene adali moyo. Munthuyo ndi Eduardo Mondlane, mtsogoleri woyamba wa FRELIMO, amene adaphedwa ku Dar es Salaam pa 3 Febuluwale 1969.

Wina angathe kufunsa kuti imfa ya mtsogoleri wa ndale ikufunanji m'buku la mbiri ya parishi. Ikulowamo chifukwa sabata imene uthenga wa imfayo udafika kuno, akhristu adapezeka pa vuto limene makolo awo sadakumanepo nalo. Adamva za maliro, koma kulira kudali koletsedwa, ndipo ngakhale kutchula dzina la womwalirayo m'nyumba ya Mulungu kukadatha kumfikitsa munthu kundende. Zimene adachita ndi vuto limenelo ndi mbali ya mbiri ya parishi ino, mofanana ndi njerwa zija.

Mabuku ambiri a mishoni adapsa, ena adatayika, pa nkhondo imene idatha mu 1992. Choncho zimene zikufotokozedwa pano zachokera pakamwa pa akuluakulu amene adakhala pansi ndi komiti ya chikondwerero miyezi yapitayi. Onse adapempha chinthu chimodzi, kuti maina awo asalembedwe. Papita zaka zoposa 50, apolisi achinsinsi a PIDE adatha kalekale, komabe nkhalamba zina polankhula za sabata imeneyo zinkatsitsa mau ndi kuyang'ana kukhomo.

Tsiku la 3 Febuluwale chaka chimenecho lidali Lolemba. Dzulo lake, Lamulungu, Eklezia adakumbukira za kuperekedwa kwa Ambuye Yesu m'Nyumba ya Mulungu, ndipo makandulo adadalitsidwa monga mwa mwambo. Lolembalo lidali tsiku la Blazio woyera, pamene wansembe amapingasa makandulo awiri pa khosi la mkhristu aliyense ndi kumpempherera kuti Mulungu amtchinjirize ku matenda a pakhosi. Ana a sukulu ya mishoni adandanda pa mzere, ena akuseka chifukwa makandulo ankawagirigisha. Idali nyengo ya mvula yambiri, mwezi wa njala, pamene chimanga chili kumasula m'munda koma nkhokwe zili pafupi kutha, ndipo maganizo a anthu ambiri adali pa chakudya cha tsiku limenelo basi.

M'mawa womwewo, kutali kwambiri ku Tanzania, Mondlane adatenga makalata ake ku ofesi ya FRELIMO napita nawo ku nyumba ina ya m'mphepete mwa nyanja ya mchere, kumene ankakonda kukagwirira ntchito pa bata. Pakati pa makalatawo padali phukusi la buku. Anthu oipa adali atabowola m'kati mwa bukulo ndi kuikamo bomba. Atangotsekula, bombalo lidaphulika, ndipo iye adafera pomwepo. Adali ndi zaka 48, ndipo adasiya mkazi wake Janet ndi ana atatu.

Achinyamata a lero amalidziwa dzinali kuchokera ku sukulu, koma nkoyenera kukumbutsa mwachidule kuti munthuyu adali yani. Adabadwa mu 1920 m'dera la Manjacaze, m'chigawo cha Gaza, ndipo ali mwana ankaweta ziweto za kwawo. Adaphunzira m'masukulu a mishoni ya Apresbiteriyani a ku Switzerland, kenaka ku South Africa, kumene boma la tsankho lidamchotsa pa yunivesite ya Witwatersrand mu 1949. Adapitiriza maphunziro ku Lisbon ndi ku America, nagwira ntchito ku bungwe la United Nations. Mu Juni 1962, magulu atatu a anthu a dziko lino okhala kunja adagwirizana ku Dar es Salaam kupanga FRELIMO, ndipo iye adasankhidwa kukhala mtsogoleri. Limodzi mwa magulu atatuwo, UNAMI, lidali la anthu a ku Tete amene adathawira ku Nyasaland. Nkhondo ya ufulu idayamba pa 25 Sepitembala 1964 ku Cabo Delgado, ndipo mu Malichi 1968 idafika mwamphamvu m'chigawo chino cha Tete, ankhondo akulowa kuchokera ku Zambia.

Kuno ku Angonia mfuti zidali zisadamveke kwenikweni, koma mantha adali atafika kale. M'midzi mudali akazitape, ndipo munthu ankatha kutengedwa chifukwa cha liu limodzi limene adalankhula pa mowa. Anyamata ena ankasowa usiku, makolo nkumanena kuti apita ku Salisbury kukafuna ntchito, pamene iwo akudziwa bwino kuti njira imene adatenga si ya ku Salisbury. Boma linkawatcha zigawenga. Kumvera wailesi ya dziko lina kudali kudziputira mlandu.

Uthenga wa imfa ya Mondlane sudafike kuno pa njira imodzi, ndipo sudawapeze anthu ali ndi mtima umodzi.

Amene akukumbukira zambiri ndi mayi wina amene nthawi imeneyo adali mtsikana wa zaka 11. Atate ake adali mphunzitsi pa sukulu ina ya kumudzi, ndipo monga ankachitira aphunzitsi onse a mishoni masiku amenewo, pakati pa sabata ankaphunzitsa Chipwitikizi ndi masamu, Lamulungu nkumatsogolera mapemphero ndi katekisimu m'nyumba yomweyo. Adali ndi kawailesi kamene mbale wawo adabwera nako kuchokera ku Rhodesia. Masana kankakhala m'dengu la nyemba. Usiku ana atagona, aphunzitsiwo ankadzifunditsa bulangeti pamodzi ndi kawailesiko, nkumamvera nkhani za m'Chinyanja zochokera ku Lusaka, mau atawatsitsa kotero kuti ankachita kugunditsa khutu.

Madzulo a tsikulo adayamba kumvera msanga, nsima ili pamoto. Mtsikanayo adaona atate ake akuvundukula bulangeti, nakhala phee, maso ali pansi. Amayi ake adabweretsa madzi osamba m'manja, koma iwo sadatambasule dzanja.

"Abambo, kwagwanji? Nsima ikuzizira."

"Amayi, kwachitika zovuta."

"Kwa yani? Kwathu kapena kwanu?"

Aphunzitsiwo adawakodola kuti asendere, nawanong'oneza dzinalo m'khutu. Tsono amayiwo adali ndi mlongo wawo wamng'ono amene adachoka pamudzi chaka cha 1968, mmodzi mwa anyamata aja a ku Salisbury konamizira. Atangomva, chimene chidawafikira m'mutu ndi mwana wa amayi awo: ngati apha mkulu wawo, nanga anawo awasunga ndani? Adaika manja kumutu, natsekula pakamwa kuti ayambe kulira monga amachitira mkazi aliyense wa kuno akalandira uthenga wa maliro. Mau asadatuluke, amuna awo adalumpha nawatseka pakamwa ndi chikhatho. Adawagwira choncho nthawi yaitali, misozi ya amayiwo ikuyenda pa zala zawo, iwo akungobwereza chapansipansi kuti, "Pepani amayi, pepani, anthu angamve." Mwanayo akuti sadaonepo atate ake akugwira amayi ake mwankhanza, ndipo usiku umenewo adaganiza kuti akuwapha. Adalira iye, ndipo kulira kwa mwanako ndi kumene oyandikana nawo adamva. M'mawa amayi ake adauza anzawo ku chitsime kuti mwana adalota zoopsa.

Mayi winanso, amene tsopano ndi wokalamba kwambiri, adamva pa msika wa Lizulu, pamene mseu umayenda pa malire enieni a maiko awiriwa. Adapita kukagulitsa mbatatesi. Wamalonda wina wa ku Malawi, amene ankagula kwa iye kawirikawiri, adawerama ngati akusankha mbatatesi, nati, "Pepani mayi, tamva za mkulu wanu uja." Mayiyo ankadziwa bwino lomwe amene akunenedwa, pakuti amuna ake ankalitchula dzinalo m'nyumba. Koma adayankha mokweza kuti, "Mkulu wathu uti, achimwene? Mfumu yathu ndaisiya ili bwino." Wamalondayo adamuyang'ana, nalipira, nachoka. Pofotokozera komiti, gogoyu adati pa zonse zimene adaona pa nkhondo ziwiri, kanthu kakang'ono kameneka kamamubwererabe, chifukwa munthu adampatsa chipepeso ndi mtima wabwino, iye nachikana pagulu ngati galu wakana mwini wake.

Si onse adamva chisoni, ndipo buku la parishi silingachite bwino kubisa zimenezi. Bambo wina amene wakhala mkulu wa mpingo zaka zambiri, nthawi imeneyo adali msilikali wa Apwitikizi. Sadalowe mwa kufuna kwake. Adalembedwa monga ankalembedwera anyamata ambiri a kuno. Akuti ku kampu kwawo akuluakulu a asilikali adagawa mowa, akunena kuti njoka yadulidwa mutu ndipo nkhondo yatha. Iye adamwa nawo, ndipo adakondwa ndithu, osati chifukwa chodana ndi munthu amene sankamdziwa, koma chifukwa kumudzi adasiya mtsikana amene adamtomera, ndipo adaganiza kuti pofika nthawi yokolola adzakhala ali kwawo. Nkhondo idapitirira zaka zina zisanu. Bamboyu adauza komiti kuti nkhaniyi sadaiululepo kwa munthu aliyense kupatula wansembe m'kulapa, ndipo adapempha kuti ilembedwe, chifukwa anzake amene adamwa nawo mowa umenewo adatha onse, ndipo ana awo amangomva za ngwazi zokhazokha.

Palinso gogo wina amene adaseka pamene adafunsidwa. Iye dzina la Mondlane adayamba kulimva mu 1974, pamene ankhondo a FRELIMO adatuluka m'tchire nayamba kuphunzitsa anthu nyimbo. Atawerenga bwino zaka, adapeza kuti mwezi umenewo wa Febuluwale 1969 iye adali pa maliro akeake, pakuti chikuku chidamlanda mwana wake wachisamba. Anthu otere adalipo ambiri, mwina kuposa ena onse aja. Ufulu utabwera kudapezeka kuti pafupifupi munthu aliyense adalira tsiku limenelo, koma zimenezo ndi za m'misonkhano ya pambuyo pake.

Kuti achinyamata amvetse kulemera kwa zimene zidachitika m'nyumba ya aphunzitsi aja, ayenera kukumbukira kuti maliro ndi chiyani pakati pa Achewa ndi Angoni. Munthu akatisiya, uthenga umapita kwa mfumu, mfumu nkulola kuti anthu alire. Makasu amagonekedwa, ngakhale udzu utakula bwanji m'munda. Amuna amagona panja pa siwa, akazi m'nyumba pamodzi ndi anamfedwa, adzukulu nkulawirira kumanda. Amene adakangana ndi womwalirayo amabwera, amene sankamdziwa amabweranso, pakuti akulu adati maliro n'kulirana. Chikhristu chitafika chidatsutsa zina mwa miyambo ya pamaliro, koma ichi sichidachitsutse. Chidangoonjezapo korona, nyimbo ndi nsembe ya Misa. Tsono apa padali maliro a munthu amene ambiri ankamuona ngati mkulu wa ana awo a m'tchire, ndipo padalibe mfumu yolola kulira, padalibe siwa, padalibe wopepesa kapena wopepesedwa. Ku Dar es Salaam adaikidwa mwaulemu wa boma, Pulezidenti Julius Nyerere ali pomwepo. Kuno anthu adadzuka Lachiwiri m'mawa, natenga makasu, napita kukabandira chimanga, ndipo amene ankadziwa ankapewa kuyang'anana m'maso.

Aphunzitsi aja chinthuchi chidawakanika kuchimeza. Lachitatu, ana ataweruka, adagwira nkhuku, naimanga pa njinga, napalasa m'matope mpaka ku mishoni kuno.

Pofuna kudziwa chimene ankaika pa chiswe, nkofunika kukumbukira mmene Eklezia adaliri masiku amenewo. Mu 1940 boma la Portugal ndi Likulu la Eklezia ku Roma adachita pangano, ndipo mu 1941 lamulo la za mishoni lidapereka maphunziro a ana a anthu akuda m'manja mwa mishoni za Katolika. Boma linkathandiza mishoni ndi ndalama, ndipo linkayembekeza kuti mishonizo ziphunzitse ana kukhala Apwitikizi okhulupirika. Mphunzitsi wa kumudzi adali pakati pa zonsezi: wantchito wa Eklezia, komanso diso la boma likumuyang'ana. Dayosizi ya Tete idali ya zaka zochepa, pakuti idakhazikitsidwa mu 1962. Ambuye Sebastião Soares de Resende, Episkopi wa ku Beira, amene ankadzudzula poyera chibalo ndi nkhanza za atsamunda, adali atamwalira mu Januwale 1967. Padalinso chopinga china chosakhudza ndale konse. Mondlane adali mkhristu wa mpingo wina, ndipo malamulo a Eklezia a nthawi imeneyo sankalola kupereka Misa poyera, ndi kutchula dzina, chifukwa cha womwalira amene sadali Mkatolika. Lamulo limeneli Roma adadzalifewetsa mu 1976.

Wansembe amene aphunzitsiwo adampeza pa khonde adali Mpwitikizi, munthu wosalankhulalankhula, amene adakhala kuno zaka zambiri ndipo Chinyanja ankachidziwa bwino. Zimene adakambirana, aphunzitsiwo adadzafotokozera mwana wawo atakula, ndipo iye wazisunga motere.

"Abambo, ndabwera kudzapempha Misa ya womwalira."

"Pepani aphunzitsi. Ndani watisiya? Uthenga sudandipeze."

"Ndi munthu wakutali, abambo. Wafera kuchilendo."

"Dzina lake ndani?"

Aphunzitsiwo adakhala chete, akuyang'ana chipewa chimene chidali m'manja mwawo. Kenaka adati, "Mulungu akulidziwa, abambo."

"Adali Mkatolika?"

"Adali wobatizidwa."

Wansembeyo adawayang'ana nthawi yaitali. Nayenso adali ndi wailesi m'chipinda mwake, ndipo sabata imeneyo padalibe munthu wina wakutali wofera kuchilendo amene mphunzitsi akadapalasira njinga m'mvula. Akadatha kukana, ndipo malamulo akadamuikira kumbuyo. Akadathanso kukanena ku boma ku Vila Coutinho, kumene lero ndi ku Ulongwe, ndipo aphunzitsiwo sakadaonanso sukulu yawo. Iye adangoti, "Mawa m'mawa, Misa yoyamba." Nkhuku ija adailandira, naitana wophika kuti aitenge, ndipo aphunzitsiwo adazindikira chifukwa chake: Misa ya womwalira imene wansembe wakana chopereka chake ikadadabwitsa anthu a pakhomo.

Misa ya pakati pa sabata nthawi ya dzinja inkakhala ya asisiteri, ana ogonera pa mishoni ndi agogo owerengeka. Lachinayi limenelo anthu adachulukirapo, ngakhale padalibe amene adalengeza kanthu. Aphunzitsiwo adauza akazi awo okha; akaziwo adauza mnzawo mmodzi amene nayenso mwana wake adali ku Salisbury kuja; ndipo zidayenda choncho. Mtsikana uja adabwera nawo, atadzutsidwa kudakali mdima. Akukumbukira kuti wansembe adavala zakuda, sadalalike, ndipo poyamba Misa adangonena kuti akupereka nsembeyi chifukwa cha mzimu wa munthu wina womwalira. M'pemphero lalikulu la Ukaristia muli malo pamene wansembe amaima pang'ono, manja atawaphatikiza, kuti akumbukire akufa chamumtima. Masiku onse wansembeyu ankangoima kamphindi. Tsiku limenelo adaima mpaka ana adayamba kutembenuka kuyang'ana akulu, ndipo m'tchalitchi munkangomveka mvula pa denga. Amayi a mtsikanayo adalira pamenepo, mopanda phokoso, atadziphimba kumaso ndi mpango. Misa itatha aliyense adatuluka napita kwawo. Wansembeyo sadaitchulenso nkhaniyi kwa aphunzitsiwo mpaka adachoka m'dziko lino, ndipo Lamulungu lotsatira adapempherera akuluakulu a boma monga mwa nthawi zonse.

Nkosayenera kuikuza nkhaniyi kuposa msinkhu wake. Idali Misa imodzi ya m'mamawa, yopanda dzina, imene sidasinthe kanthu pa nkhondo kapena pa ubale wa Eklezia ndi atsamunda. Kunena zoona, Eklezia wa m'dziko lino adakhala chete pa zinthu zambiri zimene adayenera kulankhulapo, ndipo akhristu ambiri adavulala mumtima ndi chete ameneyo. Amene adalankhula mokweza adadza pambuyo pake. Pa 1 Julaye 1970 Papa Paulo wachisanu ndi chimodzi adalandira Marcelino dos Santos pamodzi ndi Agostinho Neto ndi Amílcar Cabral, ndipo boma la Lisbon lidakwiya kwambiri. Mu 1971 ansembe a chipani cha White Fathers adachoka m'dziko lino onse, akunena kuti sangapitirize kutumikira pamene Eklezia akuoneka ngati mnzake wa boma lopondereza. Asilikali atapha anthu mazana ku Wiriyamu, pafupi ndi mzinda wa Tete, pa 16 Disembala 1972, adali ansembe a ku Burgos amene adalemba maina a ophedwa ndi kuwatulutsa kunja, mpaka Bambo Adrian Hastings adawafalitsa m'nyuzipepala ya The Times ku London mu Julaye 1973. Poyerekeza ndi zimenezi, zimene zidachitika kuno Lachinayi lija ndi zazing'ono. Komabe kwa anthu amene adagwada m'tchalitchi chino m'mawa umenewo, ndi pamenepo pamene adakhuza maliro, ndipo kwina kudalibe.

Nanga adamupha ndani? Boma la atsamunda lidafalitsa kuti adaphana okhaokha, ndipo ambiri kuno adakhulupirira, chifukwa mikangano m'kati mwa FRELIMO idalipodi. Mu 1968 kudali chipolowe pa sukulu ya FRELIMO ku Dar es Salaam, ndipo pakati pa otsutsana ndi Mondlane padali wansembe wa Katolika, Bambo Mateus Gwenjere, amene adadzozedwa mu 1967 nathawira ku Tanzania chaka chomwecho. Apolisi a ku Tanzania atafufuza, adapeza kuti mabatire a m'bombalo adachokera ku sitolo ina ya ku Lourenço Marques, ndipo chala chidaloza PIDE. Patapita zaka, ena amene adagwirapo ntchito mu PIDE adatchula Casimiro Monteiro, yemwe adaphanso mkulu wa asilikali Humberto Delgado mu 1965, kuti ndiye adakonza bombalo. Ofufuza ambiri amaganiza kuti phukusilo silikadafika m'manja mwake popanda wina wa pafupi kuthandizapo. Palibe munthu amene adaimapo pa bwalo la milandu chifukwa cha imfa imeneyi.

Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, zinthu zidatembenuka. Dzina limene linkanong'onezedwa lidayamba kuimbidwa m'sukulu iliyonse. Yunivesite ya ku Maputo idatchedwa dzina lake mu 1976, ndipo pa 3 Febuluwale 1979 mafupa ake adabwera kuchokera ku Tanzania naikidwa pa bwalo la ngwazi mumzindawo. Tsiku limeneli lidakhala la tchuthi, lokumbukira ngwazi za dziko, monga liliri mpaka lero. Aphunzitsi aja adakondwa, koma chikondwerero chawo sichidakhalitse. Pa 24 Julaye 1975 boma latsopano lidatenga masukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo m'zaka zotsatira matchalitchi ambiri adatsekedwa. Munthu amene adaika moyo wake pa chiswe chifukwa cha Misa ya Mondlane adauzidwa pa msonkhano kuti adali wantchito wa atsamunda, ndipo kuti asankhe pakati pa choko ndi katekisimu. Adasankha katekisimu, nabwerera ku khasu. Za Misa ija sadanene pa msonkhanowo, ngakhale zikadamthandiza. Mwana wawo atawafunsa chifukwa chake, adati Misa si chiphaso choonetsa kwa akuluakulu.

Ndipo padabwera maina ena amene sankatchulidwa. Bambo Gwenjere ndi Mbusa Uria Simango, amene adali wachiwiri kwa Mondlane, adagwidwa, ndipo adaphedwa mwachinsinsi popanda mlandu wozengedwa poyera. Kuno komwe ku Angonia, usiku wa pa 30 Okutobala 1985, anthu a mfuti adatenga ansembe awiri Achiyezuiti ku Chapotera, pafupi ndi Lifidzi, Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira, nawapha. Akhristu amene adaphunzira kulira chamumtima mu 1969 adapezeka akuchitanso chimodzimodzi pansi pa mbendera ina.

Mu Okutobala 1986, pamene ndege ya Pulezidenti Samora Machel idagwa ku Mbuzini m'dziko la South Africa usiku wa pa 19, nafa iye pamodzi ndi anthu ena oposa 30, akhristu ambiri a parishi ino adali atathawira kale m'maboma a Dedza ndi Ntcheu. Uthengawo adaumva poyera, pa mawailesi a eni mudzi. Komabe ngakhale apo ambiri adaugwira mtima, pakuti masabata ochepa m'mbuyomo Machel adali atadzudzula boma la Malawi mwaukali kuti likuthandiza RENAMO, ndipo mlendo wogona pa khonde la mwini sakweza mau pa nkhani zotere. Aphunzitsi aja adali komweko, atakalamba, akutsogolera mapemphero pansi pa mtengo. Lamulungu lotsatira adapempherera onse amene adafa pa ngoziyo, ndipo ulendo uno dzina adalitchula. Adamwalira kuchilendoko mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 usadasainidwe ku Roma, ndipo manda awo ali m'dziko la Malawi.

Mlongo wa akazi awo uja, amene adachoka mu 1968, sadabwerere, ndipo palibe uthenga wa imfa yake umene udafika pamudzi. Amayiwo adadikira mpaka 1975, pamene anzake ankabwera mmodzimmodzi, kenaka adaleka kufunsa. Mwana wawo akuti amayi ake ankawerenga Misa ya Lachinayi lija ngati maliro a mlongo wawoyo, ngakhale nthawi imeneyo mwina adali akadali moyo, ndipo chaka chilichonse pa tsiku la Blazio woyera ankapereka Misa ya womwalira osatchula dzina, ngakhale pamene kutchula kudaloledwa. Ansembe atsopano ankafunsa, iwo nkumayankha monga adayankhira amuna awo.

Kawailesi kaja kadapulumuka nkhondo zonse ziwiri. Kadapita ku Malawi m'mtolo wa zovala, nkubwerera m'mtolo womwewo mu 1993. Mwini wake wakabwereketsa ku komiti, ndipo kali pa tebulo la m'holo ya parishi, pakati pa belu lakale la sukulu ndi chikombole cha njerwa, kwa amene angafune kukaona akatuluka muno.